Nsalu ya Mfunda

M'sitolo ya ku Oban, mvula ikuwomba zenera,
mayi Ishbel atambasula buku la zigamba.
"Mfunda wako ndani, mnyamata?"

Ndikuti Galbraith,
dzina la bambo amene anakwera sitima ndili ndi zaka zinayi,
osacheukanso.

Andionetsa mizere yake, yobiriwira ndi yakuda.
Yokongola ndithu,
koma ikundiyabwa m'manja.

M'thumba ndatenga kansanza ka bulangete
lomwe amayi ankandifunditsa chifuwa chikandigwira,
kofiira, koperepeseka, konunkhabe utsi wa malasha.

Ishbel akayandikitsa kumaso,
awerenga ulusi ndi chikhadabo.
"Aka n'ka kwa a MacKinnon.
Akuchikazi nawonso amavalidwa, mwanawe."

Basi, yezani chiuno changa.
Ukwati uli mu Okutobala,
ndipo bambo sitinawaitane.