Wokhota wa ku Chigumula

Kope la a Namakhwa linanyowa m'mphepete,
koma manambala akuonekabe:
mitengo makumi anayi ya makadamiya,
uliwonse ndi mlandu wake.
Uwu chigoba n'cholimba, nyundo imachita kudandaula.
Uwu ukabala chaka chino, chamawa umagona.
Uwu anunkhadala anausandutsa kwawo.

Ine ndinabwera pa ganyu,
kudzathira dothi m'machubu.
Tsiku lina anandipatsa kampeni kopyapyala
nati, Esinala, manja akowa sanjenjemera,
bwera uphunzire kukwatitsa mitengo.
Ndinaseka. Iwo sanaseke.

Dula mopendekera, kamodzi kokha.
Khungwa likumane ndi khungwa linzake.
Manga ndi pulasitiki, osathinitsa,
ndipo usadzafunse mawa ngati agwirizana.

Zaka zisanu ndi ziwiri tikuswa,
kuika pa sikelo, kulawa, kulemba.
Chiperoni chikakuta Mpingwe
zala zinkauma pa pensulo,
koma mkuluyo ankati bwereza, sunawerenge bwino.

Kumapeto kwa mzere, pafupi ndi ngalande,
kunali wina wokhota
ngati munthu amene wamva kuitana kumbuyo.
Mtedza wake waung'ono,
ogula a ku Limbe ankangoutembenuza m'manja n'kuubweza.
A Namakhwa anauzunguliza penti yofiira:
udulidwe mvula ikatha.
Nkhwangwa anainoleratu.

Mvulayo sinathe monga zinzake.
Masiku anayi namondwe akukuntha malata,
matope akutsika ngati akudziwa khomo lililonse.
M'mawa wachisanu tinapeza
onenepa aja, akatswiri a pa sikelo,
ali chagada, mizu ikuloza kumwamba.
Wokhota yekha ali chilili,
lamba wake wofiira ali psuu pakati pa thope.

Mkuluyo anaima nthawi yaitali.
Kenako anang'amba tsamba limodzi m'kope,
nalipinda kanayi, naliika m'thumba la malaya.
Kuti ndinalakwa, sananene.
Anangoti, tola mtedza wake wonse,
ngakhale umene wagwera m'ngalande.

Lero mbande zonse pano zili ndi makolo awiri:
pamwamba nthambi ya wobala bwino,
pansi mwana wa wokhota,
wosaoneka, atagwira nthaka.

Ogula akafunsa dzina la mtunduwu
ndimayang'ana mpando wa a Namakhwa,
wopanda mwini kuyambira Juni.
Ndimati dzina sunapatsidwe.
Penti ija ikusuluka pang'onopang'ono.
Nkhwangwa idakali kuseri kwa chitseko;
msana wake ndi umene ndimaswera mtedza.