Nsapato za Ilgaz

Ilgaz amagona atavala nsapato.
Ndinayesa kumuvula usiku woyamba
atabwera kwanga, m'kontena ya mzere wachisanu
kunja kwa mzinda wa Antakya.
Anakuwa ngati ndikumusenda khungu.
Ndinamuleka. Bulangeti limachapika.

Ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi.
Omwe anamufukula akuti anakhala pansi pa zipupa
tsiku lathunthu ndi theka.
Iye akuti unali usiku umodzi wokha, wautali,
ndipo fumbi linkakoma ngati choko.
Za bambo ake, mlongo wanga, safunsa.
Za mayi ake safunsa.
Amafunsa za kambalame kachikasu ka pawindo:
Azakhali, kodi kanapeza potulukira?
Amati mbalame zimamva chivomerezi chisanafike,
nanga bwanji sikanatiuze?

Masana amandithera shuga.
Amasanja timibulu take patebulo,
nsanjika imodzi, ziwiri, mpaka zisanu,
m'kati n'kuikamo njere zitatu za mphodza.
Kenako bondo lake, pansi pa tebulo, gu!
Zonse mbwee.
Amakweza dzanja: Chete nonse!
Ine chete, ketulo chete.
Amagunditsa khutu pathabwa,
nafuula mawu aja tinawamva milungu iwiri m'misewu:
Alipo amene akundimva?
Ndi kasupuni ka tiyi amakumba pang'onopang'ono,
natulutsa njere imodzi.
Tsiku lililonse imodzi.
Ziwirizo ndimasesa ndine akapita kukasamba.

Mayi Gülten, obwera Lachitatu ndi mapepala ndi makrayoni,
anati ndisamuletse.
Mwana salira ndi maso okha, anatero,
ena amalira ndi manja.
Ine ndinkangoganiza za mtengo wa shuga,
ndipo manyazi anandigwira pambuyo pake.

Lole ikadutsa, kontena imanjenjemera,
supuni isanagwe iye ali kale pakhomo.
Kusukulu analuma Berkay pamkono
chifukwa chotseka chitseko.
Matiresi ndimayanika kuseri, kuti anzake asaone.
Koma amasekanso, musaganize kuti saseka:
dzana anathamangitsa mphaka mpaka kumipope
nabwerako matope mpaka m'makutu.

Usiku wina wamvula, magetsi atazima,
ndinamva mawu kuchokera m'bulangeti,
aang'ono ngati a munthu amene ali kutali pansi.
Azakhali, ndinkadumpha pabedi tsiku lija.
Amayi anati, leka, ugwetsa nyumba.
Ine sindinaleke.

Chaka chathunthu mwana atasenza mzinda wonse
pamsana wosakwana zikhatho zanga ziwiri,
ine ndikudandaula za shuga.

Ndinamufotokozera za miyala ya pansi pa dziko
imene imakankhana kuyambira kalekale
iye asanabadwe, ine ndisanabadwe.
Sanakhulupirire.
Ndiye ndinakwera pabedi, ine mayi wa zaka makumi asanu,
maondo akulira,
ndinadumpha, ndinadumphanso,
mpaka a kontena yoyandikana anagogoda khoma.
Taona, ndinatero ndikupuma wefuwefu, yagwa?
Anayang'ana denga nthawi yaitali.
Inu ndinu wolemera kuposa ine, anatero.
Ndinati eya, kwambiri.

Sindinganene kuti wachira.
Mawa lake anamanganso nsanjika zake,
bondo linagundanso, gu,
anatulutsanso njere imodzi.
Koma ziwiri zija sanandisiyire.
Anazifukula yekha, nazipukuta ndi chala,
nazikulunga m'kapepala ka siwiti,
nandifunsa kumene anthu amaika zinthu
zimene sakufuna kutaya
komanso sangathe kuyenda nazo.
Ndinamupatsa kabotolo ka mabatani.

Usiku uno ndadzuka kukamufunditsa.
Phazi lamanzere lili m'nsapato, chingwe chomanga kawiri.
Lamanja lili panja, lofunda,
zala zisanu zitatambasuka ngati zikumvetsera.
Nsapato inayo waikumbatira pachifuwa.
Ndaima pamenepo, sindikudziwa kwa nthawi yaitali bwanji,
ndikuopa ngakhale kupuma
kuti pansi pangagwedezeke.