Phiri la ku Bytom

Phiri ili silinalengedwe ndi Mulungu.
Tinaliunjika ndife, ngolo ndi ngolo,
zonse zimene mgodi unkalavula ukasankha malasha.
Zaka makumi atatu ndi chimodzi ndili pansi.
Amayi ankayanika nsalu zoyera m'mawa,
madzulo n'kuanula zotuwa.

Lero mawondo akulira ngati chitseko chadzimbiri,
koma ndikulikwera,
nditanyamula timatumba ta Dobrochna,
mtsikana wa ku yunivesite ya ku Katowice
amene amagwadira zinyalala zathu ngati ali m'tchalitchi.

Wakumba, wathira m'botolo, wakhutchumula,
waviikamo kachipangizo konga cholembera.
"Atatu okha, bambo Alojzy."
"Ndiye kuti chiyani?"
"Ndiye kuti viniga."

Anandionetsa kamwala konyezimira waliwali.
Ndimakadziwa, kanapusitsa anyamata ambiri kuti ndi golide.
Akuti pansi paja kanali m'tulo.
Titakatulutsa, mvula ndi mpweya zinakadzutsa,
salufa wake n'kusanduka asidi,
asidi n'kusungunula zitsulo,
zitsulo n'kuotcha nsonga ya muzu uliwonse
woyesa kufunsa njira.

Nayitirojeni? Ngakhale fungo lake.
Potaziyamu alipo pang'ono.
Fosiforasi aliponso, akutero, koma chitsulo chamufumbata,
mbewu singamulande.
Ndinaseka mpaka chifuwa changa chakale chinadzuka:
ndi malipiro a chaka cha sitalaka amenewo,
pa pepala alipo, m'thumba mulibe.

Tinamwaza laimu, phiri lakuda linachita mbuu
ngati chipale chagwa mu Meyi.
Tinathira ndowe za mahatchi
ndi matope ochokera kumene tauni imayeretsera madzi a m'zimbudzi.
Hildegarda anandivulitsa nsapato pakhonde
monga ankachitira ndikamachokera ku shifiti,
ndipo ndinaona kuti zamukondweretsa.

Tinafesa lupini, msuweni wake wa nyemba.
Chaka choyamba mwala wakuda unamwa dzuwa,
timbewu tinapserera ngati machesi.
Chachiwiri mvula inakokolola laimu yense,
ngalande ya m'munsi inayenda madzi ofiirira,
Dobrochna anakhala pa chidebe osalankhula,
ine n'kumugawira buledi wanga.
Pali malo ena kumpoto kumene chipale sichikhalitsa,
phiri likunyekabe m'mimba;
kumeneko sitinayese n'komwe.

Chaka chachitatu anazula tsinde limodzi,
nasasa dothi, nandiitana ndi chala.
Timatuza m'mizu, tonga mitu ya zingano.
Anaswa kamodzi ndi chikhadabo: m'kati psuu.
"Fakitale iyi," anatero. "Ikukolola nayitirojeni mu mpweya."
Yopanda belu, yopanda kapitawo,
yopanda mkazi wodikira pa geti.

Ndinafunsa za mbatatesi, mizere iwiri yokha.
Anapukusa mutu.
Mtovu ulipobe, zinki alipobe,
laimu wangozigoneka, sanazipirikitse.
Chomera pano n'chodyetsa nthaka, si cha m'mbale.
"Kufikira liti?"
Anayang'ana imvi zanga, nayang'ana kumbali.

Dothi lenileni tsopano lafika
mulingo wa chikhadabo cha chala chachikulu.
Ife tinkaboola mamita anayi tsiku limodzi.
Timitengo ta makungwa oyera tabwera tokha,
palibe anatiitana, palibe anatilemba m'kaundula.

Dzulo fosholo yanga inatembenuza chibuma,
pansi pake nyongolotsi, imodzi yokha, yowonda,
ikudzipinda ndi manyazi a kuwala.
Dobrochna anathamangira kope lake.
Ine ndinavula chipewa.
Ndamudziwa mnzanga:
wopanda nyali, wopanda chisoti,
akukumba ngalande yake mumdima,
akumeza fumbi lomwe lija.

Ndinamubwezera m'dzenje, n'kufotsera pang'onopang'ono,
ndipo ndinanena mawu amene tinkauzana pa chikepe
chisanatsike:
Mulungu akutsogolere.
Utuluke wamoyo.