Matabwa a kwa Ollerenshaw

Anatilemba ganyu anthu anayi kuti tizule pansi.
Makoma ayi, denga ayi, pansi pokha,
matabwa a chipinda cham'mwamba chopukutiramo,
poti akuti fumbi la siliva la zaka zana ndi makumi atatu
linalowa m'mitsempha ya mtengo,
ndipo thabwa ukaliwotcha, phulusa limabweza ngongole.

Mgwala wanga ndinaulowetsa pafupi ndi zenera lachitatu,
pomwe ankaima amayi, Mavis Hukin.
Sindinafunse munthu.
Thabwalo ndi lokumbika pawiri,
kumanzere kozama kuposa kumanja,
monga momwe nsapato zawo zinkathera.

Enoch Ollerenshaw anayamba ndi nyundo yobwereka,
kachipinda kachinyezi m'mbali mwa mtsinje wa Porter,
muno mu Sheffield wa utsi.
Wodziwa kuwerengera anali mkazi wake, Tabitha,
koma pachipata pali dzina la bambo "ndi Ana Ake",
anawo kutanthauza aamuna.
Woyamba anamanga chumuni chachitali.
Wachiwiri, Septimus, anapereka theka la chumunicho
kwa akavalo a mpikisano ku Doncaster.

Supuni zinkachoka pano m'mabokosi oyalidwa nsalu yofewa
kupita kumahotela, kusitima zapanyanja,
kumatebulo omwe foloko ya nsomba
siisokonezedwa ndi foloko ya nyama.
Pamsana pa iliyonse kamkango koyenda, kachisoti kachifumu,
ndi chilembo chonena chaka.

Siliva payekha ndi wofewa, ankatero kapitawo Wilf Broomhead,
sangathe kudula ngakhale mbatata yophika.
Pa magawo chikwi, makumi asanu ndi awiri kudza asanu ndi mkuwa.
Ndiwo umamupatsa msana.
Akatero ankayang'ana akazi a pagudumu aja,
osamaliza.

Amayi ankadzikulunga mapepala akhaki mpaka m'mawondo,
duku lofiira kumutu, chiguduli m'zala,
mchenga ndi mafuta zikuwathovukira kumaso.
Madzulo ankatuluka akuda bii, mano okha mbuu,
akuimba mokweza dala kuti akalaliki a mu ofesi achite manyazi.
Asanatuluke, kusamba m'manja m'chomwera cha kampani,
chifukwa ngakhale madzi a litsiro lawo
ankasefedwa, nkuikidwa pasikelo.

Kwathu tinkadyera supuni zachitini.

Nkhondo itabwera anasiya matiyipoti, nkumasula zida za madokotala.
Cyril Staniforth, wozokota maluwa pa mbale,
anabwerako ndi zala zitatu kudzanja lamanja,
naphunzitsa lamanzere, zaka ziwiri, usiku, pa zivundikiro za zitini.
Maluwa ake a pambuyo pake amapendekera kwina.
Ogula zakale lero amawafuna amenewo, amati ndi osowa.

Kenaka chinafika chitsulo chosachita dzimbiri,
chotchipa, chosalira kupukutidwa,
ndipo akwati anasiya kulemba siliva pa mndandanda wa mphatso.
Anthu mazana atatu anasanduka makumi asanu ndi limodzi,
nkusanduka khumi ndi mmodzi ndi mphaka.
Lachisanu lomaliza lamba wa makina anaima
ali pakati pa supuni yosatha.
Amayi anali atapita kale, chifuwa chitawatsogolera.

Pansi pa thabwa lawo ndinapeza mapini a tsitsi asanu ndi awiri,
batani, tikiti ya tramu,
ndi kapepala kolembedwa ndi pensulo:
Doreen, ndibwereke mashereni awiri mpaka Loweruka.
Sindikudziwa ngati anabweza.

Matabwa anapita pa lole kwa oyenga.
Patatha milungu itatu anatiitana kukaona:
mtanda umodzi wotuwa, wosaposa buledi,
mapazi onse aja, chifuwa, nyimbo zotukwana zija.
Ndinapempha kuunyamula.
Unali wozizira, wolemera kuposa maonekedwe ake,
ndipo mnyamata wa pasikelo sanachotse maso pa manja anga
mpaka nditaubweza.

Kapepala kaja sanakafunse.
Kalibe siliva.