Mawu Anga M'kamwa Mwake

Pa Ulongwe, kuseri kwa chigayo cha a Semente,
ndinkagulitsa mdima pa metikali ziwiri.
Jenereta ikatsokomola,
mmwenye uja ankatulukira pa njinga yamoto,
ine pambali ndi maikolofoni,
kumuika Chinyanja m'kamwa.

Akamenya achifwamba khumi, ndinali ine.
Akafunsira mbeta mvula ikugwa, ndinali inenso;
Filomena anamva, mpaka anandilola.

Dzana ndinamuona pa foni ya mdzukulu wanga,
m'sewero la madzulo alionse:
ndevu zili mbuu, wagona m'chipatala,
ana akulimbirana sitolo.
Sadziwa n'komwe kuti kuli Angoniya.

Ndinatsitsa voliyumu.
Milomo yake ikugwedera,
ndinamuyankhulira pang'onopang'ono:
"Tatopa, achimwene. Koma holo inkadzaza."