Galimoto Yosatsokomola

Zaka makumi atatu ndi chimodzi
ndadyera khutu langali
kuseri kwa ogulitsa matayala, mumsewu wa Lumumba.
Minibasi ikatsokomola pamphambano
ndinkadziwa nthenda yake isanaime:
iyi mapulagi, iyi yamwa mafuta a m'chigubu,
iyi mwini wake ndi woumira, oyilo sasintha.

Lachiwiri kunalowa ina
ngati mphaka wodzaba nsomba.
Ndinaizindikira ndi fumbi lokha.
Woyendetsa, mnyamata wa ku Kalingalinga,
akuti, "A Njobvu, ikukoka ngati yatopa."
Ndinatsegula kutsogolo, n'kutchera khutu.
Zii.
Lamba palibe, utsi palibe,
poti n'kugogoda ndi sipanala palibe.
Ndinapukuta manja osada pa ovolosi
kuti ndioneke ngati ndikuganiza.

Zelipa ndiye anatuluka m'kontena,
mwana wanga wachitatu, yemwe ndinkamunyoza
kuti zamawaya ndi za okonza mafiriji.
Magolovesi a mphira mpaka m'zigongono,
anandikankha ndi phewa:
"Atate, chingwe chofiiriracho musakhudze.
Sichichenjeza munthu."

Mtima wake wa galimotoyi ndi wochepa ngati ndowa.
Mota, magiya, ndi kabokosi kogawa moto,
zonse m'chikopa chimodzi cha chitsulo,
pamene ine ndinakulira pa injini
yofuna amuna anayi ndi tcheni.

Zelipa ali ndi kope lake la chikuto chobiriwira.
Chaka chatha analembamo ziwiri.
Chino, mvula isanagwe n'komwe,
zakwana khumi ndi zisanu ndi ziwiri,
osawerengera njinga zamoto za anyamata operekera katundu
zimene zimadutsa anthu ku Soweto mwakachetechete
mpaka amayi a tomato kutukwana.
Ku Kamwala, Mai Khondowe atsitsa mafyuluta pashelefu ya pakhomo,
aikapo mabokosi olemera ochokera kudoko.
Akuti mtengo ukutsika mwezi ndi mwezi,
akuti amene achedwe adzagulitsa dzimbiri.
Ponena zimenezi amayang'ana ine.

Madzulo mwanayu anang'amba mota yakufa pabenchi.
M'kati, mkuwa.
Wopotedwa bwino, mizere mizere,
ngati tsitsi la mkwatibwi.
Ndinaugwira, ndinakumbuka mkulu wanga Fanuele
amene anasiya mapapo ake pansi pa Mufulira,
ndi malole aja ofunda matenti
otsika usiku mumsewu wa Kafue, alonda pamwamba.
Unachoka kuno wosavala.
Wabwera utavala, ukulankhula chilankhulo china,
ndipo kuti tiupatse moni tiyenera kulipira.
"Bwanji osaupotera konkuno?" ndinafunsa.
Zelipa sanayankhe.
Anali akuwerenga mizere ija, milomo ikugwedera,
n'kulemba manambala kumapeto kwa kope.

Kenaka magetsi anathima, monga mwa masiku onse.
Kariba waphwa, atero a pawailesi.
Ndinaseka mpaka kutsamira khoma:
galimoto ya mawa yagona ndi njala lero!
Koma kuseka kwanga kunatha msanga
poona kuti dizilo wa jenereta
ndagula ndi ndalama za m'kope lobiriwira.

M'mawa tinaikweza pajeke, mawilo m'malere.
Zelipa anaponda pang'ono, maso pa kompyuta yake,
ndipo kompyutayo inati zonse zili bwino.
Ine, poti chizolowezi sichimva,
ndinatenga sukuludiraiva yaitali ija,
nsonga pachitsulo, chigwiriro pakhutu.
Poyamba zii yemweyo.
Kenaka, kutali, pansi pa bata,
kulira kwa udzudzu umodzi,
ndi kamchenga kakukhukhuza kumanzere.

"Beringi," ndinatero.

Anadzutsa mutu, anandiyang'ana nthawi yaitali,
n'kuvula golovesi limodzi,
n'kunditambasulira.
Ndi laling'ono. Zala zanga zinalowa zitatu.
Akuti Loweruka tipita ku Kamwala
tikafune la saizi yanga,
ngati Mai Khondowe ali nalo.