Zimene Pestka Sananene

Ndimabwerako folo koloko m'mawa, ufa uli m'zikhadabo,
kuchokera kubekale ya mumsewu wa Piotrkowska,
ndipo ndisanavule nsapato
Pestka amakhala wafika kale pamwendo panga,
kununkhiza chikwama, kufunsa za masamba a karoti.

Lero ayi.

Ndayatsa magetsi. Ali kuseri kwa chitsulo chotenthetsa nyumba,
wadziunjika ngati golovesi logwa m'thumba la munthu,
maso otsinzina theka, msana wokhota.
Ndamuitana. Khutu limodzi lagwedera pang'ono,
mwaulemu chabe.

Udzu wouma umene ndinamuikira dzulo
uli momwemo, ngakhale phesi limodzi silinachoke.
Madzi ali pamzere womwe uja.
Ndagwada, mawondo akudandaula,
kuti ndiwerenge ndowe.
Inde, ine Wiesława, woumba mabanzi mazana anayi usiku umodzi,
ndikuwerenga ndowe za kalulu.
Masiku onse zimangoti mbwee, zonenepa, zofanana.
Lero zisanu ndi ziwiri basi,
zouma, zazing'ono ngati njere za therere,
ziwiri zolumikizana ndi ubweya.

Kenako ndamva kukukuta.
Si kaphokoso kofewa kaja amachita
ndikamamusisita pamphumi.
Uku ndi kwa miyala iwiri ikuperana mumdima.
Makutu ake ali zii,
ngati chitsulo cha pageti mu Januwale.

Jagoda anandisiyira kalulu ameneyu popita kusukulu ku Gdańsk,
pamodzi ndi pepala la pafiriji, zilembo zake zikuluzikulu:
AKASIYA KUDYA MUSAGONE NAZO.
Tsiku limenelo ndinaseka.

Ndamukulunga mujuzi yanga yobiriwira,
ndamulowetsa m'bokosi, tatsika masitepe onse anayi a nsanjika.
Tiramu yoyamba ili ndi anthu atatu ndi fungo la makhoti onyowa.
Chipale chofewa chikumata mazenera.
Łódź yense akadali mtulo,
ine chala chili pabowo la bokosi
kufunafuna mpweya.

Dokotala Zawadzka wamugwira pamimba,
wamvetsera nthawi yaitali, wapukusa mutu.
“Matumbo aima.”
Akukoka mankhwala uku akulankhula, osandiyang'ana:
“Nyama yodyedwa ndi zinzake sionetsa ululu.
Ikatsimphina, kabawi waona.
Ndiye imadzinyamula bwinobwino, imatsuka nkhope,
mpaka tsiku limene singathenso kunama.
Mukanadikira mawa…”
Sanamalize. Wandipatsa jakisoni wopanda singano
ndi ufa wobiriwira woti ndizisungunula.

Maola atatu alionse, pambali pa mano, dontho ndi dontho.
Amalavula. Amandiyang'ana ngati ndamubera.
Sindinagone. Ndamusisita pamimba
monga ndimachitira ndi ufa wokanda ukakana kufufuma,
botolo la madzi ofunda lili pambali pake.

Madzulo foni yalira.
Ndamuuza Jagoda zonse, makutu, mano, nambala ya ndowe.
Walira pang'ono, wamina, kenako wati,
“Nanga inuyo, Mayi?”

“Bwinobwino,” ndatero.
Mawuwo atuluka okha, osalala, ozolowera njira.
Dzanja langa linali kale pansi pa nthiti yakumanzere,
pamene pamandiluma ndikanyamula thumba la ufa.
Kalata ya kuchipatala ili pansi pa chitini cha shuga,
sabata yachitatu tsopano,
ndipo buledi wa m'mawa ndimangomuduladula
n'kupatsa nkhunda za pazenera.

Pestka wasuntha.
Watambasula miyendo yakumbuyo, wayasamula,
wakoka phesi limodzi la udzu n'kuyamba kulitafuna
pang'onopang'ono, ngati akuliganizira.
Pamene anakhala pali timibulu titatu,
tonyowa, takuda, tonyansa,
tokongola kuposa chilichonse ndaona chaka chino.

“Mayi? Mulipo?”

Ndilipo.
Usadule, mwanawe. Dikira ndikhale pansi.